Dimba la Malemu Rute

Papaya lina linagwa kuseri kwa nyumba, phu! Nkhuku zinathamangirako zikulimbirana. Sofiya anamva zonsezo ali chigwadire pakhonde, m'manja muli mbale ya ndiwo imene bambo ake anali atangoikankha ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndati chotsa," anatero a Fanuelo. "Bweretsa mchere ndi madzi."

"Ababa, ndi nkhwani wotendera. Nsinjiro zake ndasinja ndekha."

"Wathyola kuti?"

Sofiya anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Wathyola kuti?"

"Kudimba kwa amayi."

"Ndiye ukudziwa kale. Chotsa."

Mtsikanayo anadzuka ndi mbale yake. Anabweretsa kambale ka mchere, nathiramo madzi pang'ono. Bambo ake anatema nsima, kuviika m'madzi amcherewo, kumeza. Umu ndi mmene ankadyera, mmawa ndi madzulo, mwezi wachisanu tsopano.

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, cha 1968. Amene sanaone sangamvetse. Pamene pankayandama mabwato panangotsala matope ong'ambikang'ambika, anthu n'kumapita kuchilumba cha Chisi wapansi ngati akupita kumunda. Matemba, makumba, milamba, zonse zinatha. Mabwato anagona chafufumimba pamtunda, agalu n'kumabisalamo dzuwa.

A Fanuelo anali msodzi chiyambire unyamata wawo, ndipo nthawi imeneyi tsitsi linali litayera kale. Kwawo kunali ku Chisi. Ku Kuntumanji kuno anabwera kudzakwatira, n'kukhala chikamwini pamudzi wa mkazi wawo Rute. Ana akuluakulu anali atakwatiwa kutali. Pakhomo panatsala Sofiya, wotsiriza, wa zaka khumi ndi zinayi, amene anali mu Sitandade 6.

Mayi Rute anamwalira mu Epulo, mpunga ukucha. Anadwala chifuwa masabata awiri okha basi. Anasiya dimba labwino kwambiri m'mbali mwa dambo, la chitsime chosaphwa, lodzaza nkhwani, mpiru, kholowa ndi bonongwe, komanso mitengo inayi ya mapapaya kuseri kwa nyumba.

Tsono tsiku la maliro, anthu atabwera kumanda, mchimwene wake wa malemu, a Dikisoni, amene ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Mulanje, anali atamwako pofuna kuziziritsa chisoni. Anaimirira pabwalo n'kuyankhula mokweza, anthu onse akumva.

"Mlongo wanga wafa ndi khasu! Kulima yekha, kuthirira yekha, kudyetsa munthu amene anabwera pano ndi nkhafi yokha. Nyanja ija yauma, amene ankamudyetsa wapita. Tione adya chiyani tsopano!"

Anthu anawakhazika pansi. Mmawa mwake a Dikisoni anakwera basi, atanena kuti adzabweranso kudzasudzula mlamu wawo, ndiye kuti kudzammasula pamaso pa abale, kuti kaya akhale kaya abwerere kwawo. Tsiku lomwelo a Fanuelo anaitana mwana wawo.

"Sofiya, iwe ndi mwana wa pano. Za amayi ako ndi zako, uzidya. Koma ine, chilichonse chomera panthaka ya mudzi uno sichilowanso pakamwa panga mpaka amalume ako atabwera."

Sofiya ankayesa ndi mawu a chisoni chabe, oti atha ndi sabata. Ayi ndithu. A Fanuelo anayamba kudula bango kunyanja, ati bango la kunyanja lilibe mwini. Ankasoka mphasa, kusenza mpaka ku Songani, kukasinthitsa ndi chimanga ndi mchere. Chimanga chimenecho chinali ndi dengu lakelake. Ndiwo analibe nazo ntchito.

Choyamba kusintha chinali singano. Singano yosokera mphasa ndi yaikulu, bowo lake ngakhale mwana wamng'ono amaliona. Koma pofika mu Ogasiti a Fanuelo anayamba kumaitana.

"Sofiya, tabwera undilowetsere khonjeli. Singano za masiku ano akuzipanga zopanda mabowo."

"Ndi singano yomwe ija, ababa."

"Ndiye yakalamba. Lowetsa."

Kenako kunabwera za madzulo. Dzuwa likangolowa, kunja kukadali kowala koti ana akusewerabe fulaye, iwo ankayenda chopapasa khoma. Tsiku lina anagunda ndowa ya madzi imene Sofiya anatunga kutali, madzi onse khuthu.

"Ndani amaika ndowa panjira?"

"Imakhala pomwepo masiku onse!"

"Ukundiyankha?"

Sofiya anatola ndowa n'kubwerera kuchitsime akulira ndi mkwiyo. Maso a bambo ake anali atauma, opanda kunyezimira, ndipo ankangowatikita ngati mwalowa mchenga.

Sabata yomweyo kusukulu aphunzitsi anajambula mabwalo atatu pabolodi, ati magulu atatu a zakudya. Bwalo lachitatu analembamo kuti zoteteza ku matenda, n'kujambulamo tsamba, dzungu, mango ndi papaya lokhota ngati nsapato, ana onse n'kuseka.

"Sekani," anatero aphunzitsi, "koma maso anuwo amadya zimenezi. Masamba obiriwira, zipatso zachikasu, mazira, nsomba. Munthu akamakula, maso amatopa. Akasowanso zimenezi, amayamba kusaona madzulo, kenako amauma, mapeto ake amazima."

Sofiya sanaseke. Ataweruka anathamanga njira yonse, sileti ikugunda pamsana. Anapeza bambo ake ali pansi pa mtengo, mphasa ili pamiyendo.

"Ababa, ndadziwa chimene chikuvuta maso anu! Aphunzitsi ati maso amadya masamba ndi mapapaya."

"Maso ali ndi mano?"

"Ati munthu akapanda kudya zimenezo amayamba kusaona madzulo. Ngati inuyo."

"Ndani wakuuza kuti ine sindiona madzulo? Aphunzitsi akowo anagwirapo nkhafi? Ine ndinkawoloka nyanja iyi popanda mwezi, iwo asanabadwe. Ndi ukalamba uwu, mwanawe. Ukalamba sudya papaya."

"Ndiye tangoyesani limodzi. Akungogwa, nkhuku zikudya."

"Nkhukuzo ndi za pano. Zidye."

Sofiya anaganiza kuti ngati vuto ndi nthaka ya mudzi uno, akatenga kwina. Loweruka anayenda mtunda wautali kwa mnzake wa kusukulu Zuhura, mudzi wina, n'kubwerako ndi mtolo wa bonongwe. Anaphika bwinobwino, wobiriwira, wosapsetsa.

"Uyu si wa pano, ababa. Ndi wa kwa a Zuhura. Mukafunse."

A Fanuelo anaika nsima pansi.

"Ndiye wayamba kupempha masamba m'midzi ya eni? Ukufuna mbiri ifike ku Mulanje kuti mwana wa Fanuelo akuyenda ndi lichero kupemphera bambo ake ndiwo? Kuti amalume ako anene kuti, si ndinanena ine?"

"Nanga mukufuna chiyani? Za pano ayi, za kwina ayi!"

"Nyanja idzabwera. Ndidzadya nsomba zogwira ndekha."

"Idzabwera liti? Inakulemberani kalata?"

Mawuwo anangotuluka okha. Sofiya anagwira pakamwa. Bambo ake anamuyang'ana, kapena kuti anayang'ana kumene kunkachokera mawu, n'kunena motsitsa kuti, "Amayi ako sanandiyankhepo choncho."

Sofiya anakadandaula kwa mayi ake aang'ono, a Dailesi, amene nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe. A Dailesi anali munthu wosabisa mawu. Anamanga chitenje n'kubwera pomwepo.

"Alamu, ndamva kuti mwasanduka mbuzi, mukungonyambita mchere?"

"Mbuzi ndi inu odya masamba," anatero a Fanuelo osadzutsa mutu.

"Mwambo mukusungawu ndi wakuti? Ife Alomwe sitiudziwa. Kutchalitchi kulibe. Kapena ndi wa ku Chisi, munabwera nawo m'bwato?"

"Ndi wanga."

"Iii, ndiye ndi wodula. Dikisoni uja mukumudziwa, akamwa amatukwana ngakhale chitsa. Chitsime cha kudimba chija anakumba ndani? Si inu? Nanga matemba amene tinkadya mudzi wonse uno zaka makumi atatu, ankagwa kumwamba?"

"Bwanji simunanene zimenezo tsiku lija, anthu ali pabwalo?"

A Dailesi anatembenuka. Anabwerera kwawo akung'ung'udza, nauza Sofiya kuti, "Bambo akowo ndi mwala. Uziwapempherera."

Kupemphera Sofiya ankapemphera, koma anaganizanso nzeru ina. Anathyola kholowa, kuyanika pamthunzi, kusinja mpaka kusanduka fumbi, kusefa. Madzulo ena anathira fumbilo muufa wa bambo ake. Nsima inatuluka yobiriwira ngati ndere za pachitsime. Sofiya anaipereka kwa bambo ake.

A Fanuelo sanaone kanthu. Anasamba m'manja, kutema, kuviika mumchere, kumeza. Sofiya anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, chifukwa nsima ya mtundu umenewo munthu wa maso sakanaigwira n'komwe. Mbamu yachiwiri inapita. Yachitatu anaiimika pamphuno.

"Muli chiyani umu?"

"Ufa, ababa."

"Sofiya."



A Fanuelo anadzuka, kupapasa mpaka kumapeto kwa khonde, n'kulowetsa chala kukhosi. Atatha anapukuta pakamwa.

"Wandidyetsa mwakuba ngati galu. Waona kuti sindikuona, ndiye wati undipusitse. Kuyambira lero ufa wanga usaugwirenso."

"Ndiye mwavomera kuti simukuona!" anakuwa Sofiya misozi ili mbwembwembwe. "Amayi anapita, inunso mukufuna muzime maso dala, ine nditsale ndi ndani? Amalume ali ku Mulanje akudya bwino, sakudziwa n'komwe!"

Masiku atatu sanayankhulane. A Fanuelo ankaphika okha, nsima yamibulu, nthawi zina yaphulusa. Sofiya ankaona ali patali, akukukuta mano.

Chimene chinawafikitsa kuchipatala sanali maso ayi. Mu Okutobala anadzibaya ndi singano ija pachikhatho, dzanja n'kutupa ngati dzungu. Poti dzanja ndiye linkawapatsa chimanga, anavomera kupita. Sofiya anawaperekeza, atawasungira khadi lachipani m'mpango, chifukwa masiku amenewo anyamata ankaimitsa anthu panjira kufuna kuliona. Chipatala chake chinali chaching'ono, cha zipinda ziwiri. Adokotala anali bambo wamfupi wa magalasi. Anatsuka bala, kumanga, kenako anagwira a Fanuelo pachibwano n'kuwatembenuzira kuwindo.

"Bambo, maso awa ayamba liti?"

"Ine ndabwerera dzanja."

"Dzanja lipola. Ndikufunsa maso. Mumadya chiyani kunyumba?"

"Nsima ndi mchere!" Sofiya analowerera. "Miyezi isanu ndi umodzi. Masamba amakana, mapapaya amakana."

"Iwe, wakufunsa ndani?" anatero a Fanuelo.

Adokotala anavula magalasi awo. "Tamverani, bambo. Zaka zanuzi maso amakhala atayamba kale kufooka, zimenezo n'zoona. Pali za ukalamba zimene chakudya sichingachotse. Koma izi ndikuonazi ndi njala ya maso. Kale munkadya matemba athunthu, mitu ndi matumbo omwe, ndiye ankakusungani. Tsopano palibe chikulowa. Diso lakumanzereli layamba kale chilonda, pali kadontho koyera. Likapitirira, silibwerera. Lakumanjali likhoza kupulumuka, koma osati mwezi wamawa. Lero."

"Ndipatseni jekeseni."

"Mafuta a nsomba amene tikanakupatsani anatha. Kwanu kuli mapapaya?"

"Mitengo inayi," anatero Sofiya.

"Ndiye mankhwala mwawasiya kunyumba. Papaya lakupsa tsiku lililonse. Masamba otendera, osathira chidulo, osaphika mpaka kuda. Dzira likapezeka. Mango akayamba, idyani."

Panjira pobwerera Sofiya ankayenda mopepuka. Anati tsopano poti anena ndi adokotala, zatheka. Atafika anathyola papaya lofiira bwino, kulisenda, kuliika m'mbale. A Fanuelo analinunkhiza, n'kukankha mbale ija pang'onopang'ono.

"Dikisoni abwera pa Khirisimasi. Miyezi iwiri si kanthu."

Sofiya anatenga mbaleyo n'kuiponya kukhoma. Papaya linamwazika, nkhuku n'kubwera. Sanapepese. Kuyambira tsiku limenelo analeka kuwakakamiza. Dimba ankathirirabe mmawa uliwonse asanapite kusukulu, koma ankathirira ndi mkwiyo, madzi n'kumagwetsa mbewu.

Kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, linafika tsiku limene akhristu a mudziwo ankapita kukalambula kumanda. Aliyense ankatenga khasu kukapalira mtumbira wa m'bale wake. A Fanuelo anadzuka mmamawa, kuvala malaya awo oyera a tchalitchi. Sofiya anafuna kuwagwira dzanja.

"Ndisiye. Kwa mkazi wanga sindingalondoleredwe ndi mwana."

Panja dzuwa linali phwee, ndipo njira ankaiona ndithu. Koma manda a mudzi umenewo anali m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu imene palibe ankaidula. Ukangolowamo, kunkachita mdima ngati dzuwa lalowa. Sofiya anaona bambo ake akuima, akuphethiraphethira, kenako n'kuyamba kuyenda akuwerenga mapazi.

Pamtumbira wa mayi Rute panali mbale yawo yachitsulo, yoyera ya maluwa abuluu, imene anaiboola n'kuivundikira pamenepo tsiku la maliro. A Fanuelo anawerama, kupapasa, dzanja linagunda mbale. Anagwada, n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, mosamala, ngati akuchotsa zitsotso m'tsitsi la munthu.

Sofiya anaima chilili. Mbale imene anagwirayo inali yoyera yopanda maluwa. Unali mtumbira wa agogo Jafeti, nkhalamba imene inamwalira chaka chathacho, imene moyo wake wonse inkakangana ndi a Fanuelo za malo oimikapo bwato. Wa mayi ake unali mapazi atatu kumanzere, udzu uli thoo.

Anafuna kuyankhula, koma bambo ake anali atayamba kale kunong'ona.

"Rute, ndabwera. Nyanja sinabwerebe. Mwana akukula, koma mkamwa ngati mng'ono wako Dailesi. Dimba lako akulisamala. Ine sindinakhudze kanthu kako, ngakhale tsamba limodzi. Asadzanene kuti ndinakudyera uli moyo n'kukudyeranso utafa."

Makasu a anthu anayamba kuima, limodzilimodzi. Mdzukulu wa agogo Jafeti, amene anabwera kudzapalira pomwepo, anangoima ndi khasu paphewa osadziwa chochita. Wina anatsokomola. A Dailesi anaphimba nkhope ndi chitenje.

Sofiya anamva manyazi, mkwiyo ndi chisoni. Anaganiza zongowasiya amalize, asadziwe. Koma anakumbukira nsima yobiriwira ija. Anapita kukagwada pambali pawo.

"Ababa," ananong'ona. "Apa si pa amayi."

Manja aja anaima.

"Ukuti chiyani?"

"Apa ndi pa agogo Jafeti. Amayi ali uku."

"Mbale iyi..."

"Ya amayi ili ndi maluwa abuluu. Munagula ndinu ku Songani."

A Fanuelo ananyamula mbale ija, kuiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, kuitembenuza uku ndi uku. Kenako anaibwezera pamalo pake bwinobwino. Anakhala chigwadire nthawi yaitali, udzu wa pamanda a mdani wawo uli m'manja. Palibe anaseka.

"Ndigwire dzanja," anatero pomaliza.

Sofiya anawadzutsa, kuwayendetsa mapazi atatu aja, n'kuika dzanja lawo pambale ya maluwa. Anapalira awiri. A Fanuelo sananong'onenso kanthu, koma Sofiya anaona madontho akugwera padothi, ndipo mvula inali isanayambe.

Atafika kunyumba sanakhale pakhonde monga mwa masiku onse. Anazungulira kuseri, kukakhala pansi pa mtengo wa papaya, msana atatsamira thunthu.

"Mitengo iyi tinabzala limodzi," anatero. "Iye ankaponya njere, ine ndikukumba. Iwe unali kusukulu." Anayang'ana m'mwamba mwa mtengowo. "Lilipo lakupsa?"

Sofiya anatenga nsungwi, kugwetsa limodzi, kuliwakha lisanafike pansi. Analidula pakati, kuchotsa njere, n'kuwapatsa m'manja. A Fanuelo anadya pang'onopang'ono, madzi ake akutsikira m'zigongono mpaka pamalaya oyera aja. Atamaliza anatambasula dzanja kufuna chibenthu chinacho.

Madzulo anadya nkhwani. Mawa lake mpiru. A Dailesi anayamba kubweretsa dzira tsiku ndi tsiku, akumati, "Nali la mbuzi yathu ija." Pasanathe mwezi a Fanuelo anayamba kuyenda madzulo osagwira khoma, ndipo tsiku lina Sofiya anawapeza akulowetsa okha khonje m'singano, mutu ataupendeketsa. Koma kadontho koyera ka diso lakumanzere kanali katakula n'kuphimba diso lonse ngati mkaka. Atabwerera kuchipatala adokotala anangopukusa mutu.

"Ili ndiye lapita, bambo. Mukanayamba tsiku lija, kaya. Samalani latsalali."

A Dikisoni pa Khirisimasi sanabwere. Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho, madzi n'kuyamba kubwerera m'nyanja, mabwato n'kudzutsidwa. A Fanuelo anayesa kamodzi kupalasa, koma ndi diso limodzi ankalephera kuyeza mtunda, bwato n'kumagunda anzake padooko. Anapereka nkhafi yawo kwa mwana wa a Dailesi, iwo n'kubwerera kumphasa ndi kudimba.

Amalume aja anatulukira mu Juni, anthu atamweta mpunga. Anabwera atanenepa, atavala jekete ndi chipewa, atanyamula shuga ndi masamba a tiyi. Abale anasonkhana pabwalo, mphasa zinayalidwa, mwambo wosudzula unayamba. A Dikisoni anayankhula bwino kwambiri. Anati a Fanuelo ndi munthu wamtendere, anasunga mlongo wawo zaka zambiri, ndipo mudzi ukuwapempha kuti asachoke, akhale pomwepo alere mwana.

Atatha anadzakhala pafupi ndi mlamu wawo, n'kuwayang'anitsitsa.

"Koma alamu, disoli latani? Munalasidwa ndi bango?"

Anayankha ndi a Dailesi.

"Analasidwa ndi pakamwa pako, achimwene."

"Pakamwa panga? Ine ndinali ku Mulanje."

"Tsiku la maliro. Unati anabwera ndi nkhafi yokha. Unati tione adya chiyani. Munthuyu wakhala miyezi isanu ndi iwiri akudya mchere, osakhudza za m'dimba, chifukwa cha iwe."

A Dikisoni anayang'ana a Dailesi, kuyang'ana anthu, kuyang'ana Sofiya. Nkhope yawo inali ya munthu amene akufunafuna chinthu m'thumba lobooka.

"Ine? Ndinanena zimenezo ine?" Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Aaa, koma zoona? Tsiku limene lija sindikumbuka ngakhale mmene ndinafikira pabasi."

Sofiya anapsa mtima. Miyezi yonse ija, ndowa ija, nsima yobiriwira ija, manda aja, diso lija, ndiye munthu wake sakukumbuka n'komwe! Anadzuka kuti ayankhule, ngakhale ana saloledwa kuyankhula pamwambo wotere. Koma bambo ake anamugwira chitenje.

Anali akuseka. Kuseka kwake kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, diso lamoyo lija likutuluka msozi.

"Sakukumbuka," anatero motsitsa, ngati akudziuza okha. "Mawu akewo ine ndinawasenza tsiku lililonse mpaka ku Songani ndi kubwerera. Mwini wake anawasiya pompano."

"Alamu, pepani," anatero a Dikisoni. "Ndikanadziwa..."

"Sofiya, kagwetse papaya amalume ako adye. Usankhe lalikulu, tigawane."

Sofiya anapita kuseri, mkwiyo usanathe, nagwetsa papaya ndi mphamvu yoposa imene inkafunika. Pobwera anapeza amalume ake akadali chikhalire kumanzere kwa bambo ake, chipewa chili pamaondo, akuyankhulabe zopepesa. A Fanuelo anali akutembenuza khosi lonse kuti awapeze. Kenako anagogoda mphasa ndi dzanja lamanja.

"Alamu, tabwerani mukhale mbali ino. Uko mwakhalako sindikuonani."